Nambala Imene Mwana Wanga Anakana Kunenerera

Ine ndimagulitsa nsalu. Zaka makumi atatu ndili pa benchi lomwelo mumsika, moyang'anizana ndi osoka mazipi, ndipo palibe munthu anachokapo pa ine atagula pa mtengo umene anabwera nawo m'mutu mwake. Sukulu ndinalekera kalasi yachinayi. Kulemba ndimalemba monga mukuoneramu, koma ndodo yanga yoyezera nsalu sinanamepo.

Mwana ndili naye mmodzi, wamkazi, ndipo sanatengere ine. Ali wamng'ono ndikamutuma ulusi, ankapereka mtengo woyamba umene wamuuza wogulitsa, n'kuthokozanso. Ndinkakalipa mpaka mawu kusasa. Ndinkamuphunzitsa kuti akakutchulira mtengo usamayang'ane katundu, uziyang'ana kukhomo. Iye n'kuyankha kuti chabwino amayi, mawa lake n'kukachita zomwezo. Azimayi anzanga a mumsika anam'patsa dzina loti Chabwino, ndipo mpaka lero ndi limene amamuitana nalo, ngakhale kuti mapepala ake a sukulu anadzaza khoma.

Amagwira ntchito ku yunivesite. Ntchito yakeyo anandifotokozera kambirimbiri ine osamva, kufikira tsiku lina pamene anakoka mpukutu wa veleveti pa benchi langa. Anausisita kupita uku, unawala. Anausisita kubwerera, unada. Anati magetsi ndi tinthu ting'onoting'ono toyenda, totchedwa maelekitironi, ndipo kalikonse kali ndi mbali imene kayang'ana, monga ubweya wa veleveti. Kuyang'anako amakutcha sipini. Ukatha kuwayang'anitsa onse mbali imodzi, ukhoza kuwatuma uthenga mkati mwa foni kapena kompyuta popanda kudya batire kwambiri. Vuto ndi lakuti akalowa m'kachidutswa kakuda konyezimira kamene amapangira ubongo wa foni, kotchedwa semikondakita, amagundidwagundidwa m'njira n'kuyamba kuiwala kumene anayang'ana. Ntchito ya mwana wanga ndi kuwerengera mtunda umene amayenda asanaiwale. Iye sagwira kanthu ndi manja. Kachipangizo konse amakamanga ndi masamu pa kompyuta, ndipo anzake a chipinda chapansi ndiwo amayeza kenikeniko.

Ndinamufunsa kuti amayenda mamita angati. Anaseka, n'kundizula tsitsi limodzi la imvi. Anati kunenepa kwa tsitsi limeneli ndikugawe magawo makumi asanu ndi awiri, kagawo kamodzi ndiko maikoloni imodzi, ndipo iwo amayeza ndi imeneyo. Ndinati basi zikwane, ine ndikuthyoka msana ndi mipukutu pamene mwana wanga akulipidwa kuyeza zinthu zosaoneka.

Lachitatu lina m'mawa anafika akamwini anga, amene amakonza mafiriji. Anaima n'kumagwiragwira nsalu ya makatani ngati ogula. Ndinawauza kuti apongozi, nsaluyo mukaidetsa ndi girisi muitenga, nenani chimene mwadzera. Anati mkazi wawo walemba kalata yosiya ntchito, ili m'chikwama kuyambira Lolemba, ndipo akaipereka Lachisanu. Chakudya akungochitokosa. Nkhani yake inali iyi: masamu ake akuti maelekitironi aja amaiwala atayenda mamaikoloni atatu, koma oyeza apeza khumi. A pulofesa, amene ndi abwana ake, akufuna kutumiza pepala la kafukufuku Lachisanu lomwelo, ndipo amuuza kuti asinthe nambala ina m'masamu ake kuti yankho lifike pa khumi. Akapanda kutero, gawo lake lichotsedwa pamodzi ndi dzina lake. Ntchito ya zaka ziwiri. Mwanayo sanavomere, sanakane, wangolemba kalata.

Ndinafunsa kawiri kuti nkhani yonse ndi imeneyi, wina akuti atatu wina akuti khumi? Anati eya. Ndinavula epuloni, benchi ndinasiyira mnzanga wa mabatani, n'kukakwera basi. M'njira monse ndinkadziuza kuti mwana uyu akufuna kutaya ntchito chifukwa cha chinthu chimene ine ndimachita kakhumi dzuwa lisanafike pamutu.

Kwa mwana wanga sindinapiteko kaye. Ndinadziwa kuti andibweza. Nditafika ku yunivesite, mayi wina wokolopa anandilozera chitseko cha a pulofesa, ndipo ndinagogoda kamodzi n'kulowa. M'chipindamo mipando yonse inali ndi mapepala, duwa la pawindo linali litafa kalekale. Iwowo anali bambo wotopa, atavala malaya a nsalu yabwino koma kolala itaperepeseka, ndipo mpendero wa thalauza anaugwiritsa ndi mapini a mapepala. Ndinaona kuti munthu uyu ndi wothamangitsidwa, ndipo wothamangitsidwa savuta kutsitsa.

Ndinadzitchula kuti ndine mayi wake wa uja wa masamu. Anaimirira, kuchotsa mapepala pampando, mayi khalani, mayi mumwa madzi. Ndinati madzi ndamwa kwathu, ndadzera khumi wanu uja, wachuluka. Anayamba kundifotokozera za makina ndi mizere. Ndinawadula. Ndinati inu mwanena zanu, mwana wanena zake, tsopano tikambirane ngati akuluakulu. Ine ndikuyambira pa anayi.

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati mayi, zinthu izi siziyenda choncho. Ine ndinangokhala chete, chikwama pamiyendo, maso pawindo. Kumsika timadziwa kuti chete amalemera, ndipo amene wayamba kulephera kumunyamula ndi amene amatsitsa. Posakhalitsa anatenga cholembera n'kuyamba kulembalemba, akudziyankhulira okha. Anati tikaganizira kuti choyezera chimaphonya pang'ono, komanso kuti mwina kachidutswako n'koyera kuposa mmene mwana wanga anaganizira, palibe angadabwe ndi seveni.

Ndinati sikisi.

Anayang'ana kalendala ya pakhoma nthawi yaitali. Kenaka anati ndi sikisi pepala likhoza kupita, bola mwini wake avomere. Ndinawauza kuti alembe pakapepala, ndi dzina lawo pansi. Ndinatuluka mapewa ali m'mwamba. Kuchoka pa khumi kufika pa sikisi, kwa munthu wa sukulu zonsezo, tiyi asanamwe n'komwe.

Mwana wanga ndinamupeza m'chipinda cha madesiki atatu, ali yekha. Pa kompyuta yake panali mzere wobiriwira wotsetsereka kupita pansi, ndi timadontho tofiira tili pamwamba patali, osaukhudza. Anali ataonda m'khosi. Atandiona anadzidzimuka, n'kufunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta. Ndinati zovuta zatha, n'kumuikira kapepala kaja patsogolo. Ndinamufotokozera zonse, osasiya ndi pamene abwana ake anavula magalasi. Ndinamuuza kuti kalata ija akaing'ambe, ndamutsitsira.

Anawerenga kapepalako kangapo, ngakhale panali nambala imodzi yokha. Ndinadikira mawu ake aja a masiku onse.

"Ayi, amayi."

Ndinayesa sindinamve bwino. Ndinamuuza kuti sikisi ali kufupi ndi atatu ake kusiyana ndi khumi wa iwowo, ndiye wapambana ndi iye. Ndinati pa zokambirana aliyense amasiyako pang'ono, ndiwo moyo, asandichititse manyazi nditavutika kale. Mawu anga anakwera, ndimadzidziwa. Iye anadikira mpaka nditatha.

"Amayi, munthu akabwera pa benchi n'kunena kuti mita yanu ndi yoperewera, inu mukuti ndi yokwana, mumakumana pakati?"

Ndinati akhoza kupenga. Timakabwereka ndodo ya wina n'kuzigoneka pamodzi, anthu akuona.

"Ndiye inenso ndikufuna ndodo ina. Mwina atatu angawa ndi olakwa. Koma ndinawapeza ndekha, ndipo ndikudziwa njira imene ndinadzera. Sikisi uyu si wanga, si wa oyeza, si wa maelekitironi. Wina akadzamanga chipangizo chake pokhulupirira sikisi, chidzakana kugwira ntchito, ndipo sadzadziwa kuti anachokera kwa mayi anga."

Zaka zonsezi ndinkafuna kumva mwana uyu akukana munthu, ndipo tsiku limene anayamba anayambira pa ine. Ndinakhala pampando wa mnzake. Mkwiyo unalipo, koma pansi pake panali chinthu china chofunda chimene sindinachizolowere. Ndinangofunsa kuti ndodo inayo ili kuti.

Ananditengera kuchipinda chapansi. Kumeneko kunali phokoso la pampu, du, du, du, ngati mtima wa ng'ombe, ndi chimgolo chachitsulo chotalika kuposa ine, mapaipi ake atachita chisanu choyera. Amene amachiyendetsa ndi bambo wamfupi wovala magolovesi ofika m'zigongono, ndiye ine ndimangowatcha a Magolovesi. Anandichenjeza kuti ndisakhudze paipi, chala chingatsalire pomwepo. Anandionetsa kachidutswa kofanana ndi kamene kali mkati mwa mgolomo, kochepa kuposa chikhadabo cha kachala kanga, kolumikizidwa ndi timawaya tagolide. Nditasuzumira pa makina okulitsa zinthu ndinaona timizere tiwiri togona moyandikana. Anati timeneto ndi timaginito. Kena kamalowetsa maelekitironi onse atayang'ana mbali imodzi, kenako kamamvetsera kutsidya kuti afika angati akukumbukirabe.

A Magolovesi sanabise. Anati khumi anamupezadi, koma anayeza ulendo umodzi wokha, chifukwa mgolowo uli ndi mzere wa anthu oudikira. Mwana wanga anati akukayikira kuti kakumvetsera kaja sikakumva sipini yokha. Mwina kakumvanso kutentha kochokera kwa kanzake, ndipo zonse zikuwerengedwa pamodzi. Njira yodziwira ilipo: kuika maginito wina mopingasa, amene amazunguza maelekitironi ali m'njira. Uthenga weniweni wa sipini umazimiririka ukatero, koma za kutentha zimatsala mmene zinalili. Zimafuna masiku atatu, chifukwa kungoziziritsa mgolowo kumadya tsiku lathunthu.

Ndinamufunsa ngati anawapempha masikuwo. Anati analembera a pulofesa kamodzi, iwo n'kuyankha kuti makina ndi otanganidwa mpaka kutha kwa mwezi. Ndinati ndiye iwe unati chiyani? Anati anayankha kuti chabwino. A Magolovesi anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Ndinangotsala pang'ono kumumenya mwanayo ndi chikwama. Chinthu chosanenerereka ndi chimene ine ndinakanenerera, ndipo chonenerereka iye anachilandira pa mtengo woyamba. Ndinamugwira dzanja ngati akadali wa zaka zisanu, n'kukwera naye masitepe. Ndinamuuza kuti tikalowa atseke pakamwa.

A pulofesa ndinawabwezera kapepala kawo. Ndinati katundu uyu mwini wake wamukana, ndipo walondola ndi iye, wolakwa ndi ine ndi inu. Tsopano ndikufuna mgolo uja kwa masabata awiri. Anagwira mutu. Anati n'zosatheka, ena analembetsa kale, komanso kuli anthu kwina amene akufufuza zomwezi ndipo akhoza kuwatsogolera. Ndinati akutsogolereni ndi nambala yoona kapena muwatsogolere ndi yabodza, chochititsa manyazi n'chiti? Anati mwina tsiku limodzi, mwezi wamawa. Ndinaona pakamwa pa mwana wanga pakuyamba kutseguka, ndiye ndinamuponda phazi.

Ndinatsika kufika pa sabata imodzi. Iwo anakakamira pa tsiku limodzi lomwelo. Pamenepo panatsala chida chimodzi, chimene wogula aliyense amachidziwa: kunyamuka. Ndinakoleka chikwama paphewa, n'kunena kuti tiye mwanawe, tayesa. Koma mwana wanga anachita chimene sitinapangane. Anatsegula chikwama chake, kutulutsa kalata ija, n'kuiika pa desiki ndi manja awiri. Anathokoza a pulofesa chifukwa cha zonse zimene anamuphunzitsa, n'kupempha kuti dzina lake alichotse pa pepalalo. Ananena motsitsa, mwaulemu, ngati akupereka moni.

Tinatuluka. Kumsika ukanyamuka amakuitana usanaponde kachitatu. Ndinaponda kachitatu, kachisanu, kakhumi. Zii. Khonde linali lalitali, la matailosi otuwa. Ine ndikanyamuka osaitanidwa ndimataya mpukutu wa nsalu, mawa kumabwera wina. Apa ndinali nditanyamutsa mwana pa ntchito imene anaikonda kuyambira ali kamtsikana komasula wailesi ya bambo ake. Ndinawerama kukonza nsapato, chonsecho nsapato zanga zilibe zingwe.

"Amayi, dzukani tizipita. Satiitana."

Nditamuyang'ana ndinaona kuti iye sakusewera. Ine kunyamuka kwanga konse kwa zaka makumi atatu kunali kwa bodza, khutu lili kumbuyo. Iye ankapitadi. Misozi inali m'maso koma sankacheuka.

Titafika pa masitepe tinakumana ndi a Magolovesi akukwera, magolovesi atawapanira m'khwapa. Anayang'ana nkhope zathu, osafunsa kanthu, n'kupitirira mpaka m'chipinda cha a pulofesa. Ndinauza mwana wanga kuti bondo landigwira, ndipume kaye. Ulendo uno silinali bodza lonse. Tinaima pamenepo, iye atandigwira mkono, tikumva mawu a anthu awiri kuseri kwa chitseko koma osamva zonenedwa.

Kenaka chitseko chinatseguka, ndipo a pulofesa anaitana. Sanaitane mwana wanga. Anati mayi, tabwerani.

A Magolovesi anali atapereka masiku awo, amene analembetsa kuti ayezere zinthu zawo sabata yotsatira. Anati khumi ujayo ndi wawo, ndipo safuna kuti dzina lawo liime pa nambala imene anaiona kamodzi kokha. A pulofesa anavomera kuti pepala lidikire. Masiku anayi, kuyambira Lolemba. Ndinati tagwirizana, koma pa malonda pamakhala basela, ndipo basela wanga ndi kalata iyo. A pulofesa anaitola n'kuipereka kwa mwini wake, osati kwa ine. Anamuuza kuti akanabwera yekha kudzamenya pa desiki mwezi watha, bwenzi zonsezi kulibe. Ndinati bambo, ameneyo samenya pa desiki, muzimva akamayankhula motsitsa. Potuluka ndinawauzanso kuti thalauzalo alitumize kumsika, mapini a mapepala si ulusi.

Sabata imeneyo ndinagulitsa moipa. Ndinadula nsalu ya mayi wina mokhota, ine amene. Akamwini anga ankadutsa masana alionse kudzandiuza zimene amva: mgolo wazizira, maginito ayatsa, mkazi wawo wayamba kudya tsopano.

Lachisanu masana mwana wanga anabwera yekha, atanyamula pepala. Anakhala pa mpukutu wa makatani, pamene ndimaletsa aliyense kukhala, n'kulitambasula pa benchi. Timadontho tofiira tija tinali titatsika, tili pafupi ndi mzere wobiriwira koma pamwamba pake pang'ono. Anati zambiri za khumi uja kunali kutentha. Atakuchotsa, patsala anayi.

Ndinati ndiye walakwa.

Anati eya, walakwa ndi imodzi, ndipo nkhope yake inkawala ngati wapatsidwa mphatso. Pali china chimene sanachiike m'masamu ake, mwina cha m'mphepete mwa kachidutswa kaja, ndipo chimutengera miyezi kuti achipeze. Pepala lipita ndi nambala zonse ziwiri, atatu ake ndi anayi a oyeza, ndi mawu onena poyera kuti kusiyanako sikunamveke bwino. Dzina lake lili pamenepo.

Ndinamukumbutsa kuti ine ndinayambira pa anayi m'chipinda cha abwana ake, popanda mgolo, popanda magolovesi. Mnzanga wa mabatani anati ndiye yunivesite inalemba munthu wolakwika. Mwana wanga anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti anayi anga ndi anayi awo si pachibale.

Asanapite anakoka veleveti uja. Anati akufuna mita imodzi, akaike pa desiki, azifotokozera ophunzira ake. Ndinamutchulira mtengo wa alendo, wokwera mochititsa manyazi, kuti ndione ngati sabata imeneyi yamuphunzitsa kanthu. Anati chabwino amayi, n'kuyamba kutsegula chikwama, n'kuthokozanso.

Ulendo uno sindinakalipe. Ndinatenga ndodo, kugoneka nsalu, ndipo pofika kumapeto kwa mita chala changa chinapitirira ndi chikhatho chathunthu ndisanadule. Iye anaona. Anayang'ana ndodo, n'kuyang'ana ine.

Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, apinde nsalu yake azipita, akunditsekera makasitomala.